Kujambula Zithunzi pa Phiri la Mulanje M'nyengo ya Chiperoni

Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo imapatsa wojambula zithunzi zabwino koposa za Phiri la Mulanje, ndipo ndiyonso imamuzunza koposa. Panthawiyi mvula ya dzinja imakhala itatha koma mitsinje ikadali ndi madzi, ndipo utsi wa moto wa tchire umene umadzaphimba zigwa kuyambira mu Ogasiti umakhala usanachuluke, moti tsiku lowala bwino munthu amene ali chakumpoto kwa phirili amaona chigwa cha Phalombe mpaka ku Nyanja ya Chilwa. Koma nyengo yomweyi ndi ya chiperoni, mphepo yozizira ndi yachinyezi yochokera ku nyanja yamchere ya India, imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Mphepoyi ikagunda phiri imakwera m'mwamba, imazizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo ikhoza kutha masiku angapo isanachoke. Kuwala kumene mwakwerera phiri kumakhala kwa mphindi zowerengeka, choncho chilichonse chofuna kuganizira chiyenera kuganiziridwa zala zisanaume ndi chisanu.

Choyamba, sankhani malo amodzi ndipo mukhalitsepo

Anthu ambiri amakonza ulendo wa woyenda pamene cholinga chawo ndi kujambula. Woyenda amagona m'nyumba za alendo za paphiri, ku Chambe lero, mawa ku Chisepo, mkuja ku Thuchila, ndipo m'mawa uliwonse kuwala kukamakoma iye amakhala akumanga katundu, madzulo n'kufika atatheratu. Wojambula ayenera kugona m'nyumba imodzi masiku awiri kapena atatu, chifukwa tsiku limodzi chiperoni akhoza kulilanda lonse, ndipo lina limatha ndi kuphunzira malowo.

Kwa amene akukwera koyamba, Chambe ndi poyambira pabwino. Kuchokera ku ofesi ya zankhalango ya pa Likhubula pali njira ya Skyline, yomwe ndi yotsetsereka kwambiri, ndi njira ya Chapaluka, yomwe imatsata mtsinje n'kudutsa pafupi ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Kwerani ndi njira ina n'kutsika ndi inayo, kuti muone zonse ziwiri. Mukafika, thanthwe lalikulu la Chambe, lomwe nsonga yake ndi yoposa mamita 2,500, limaoneka muli chikhalire panyumbapo, ndipo zimenezi ndi zofunika m'nyengo yozizira, chifukwa simudzafunika kuyenda mtunda wautali mumdima kuti mupeze chojambula. Dziwaninso kuti mbali ya kummwera ndi ya kummwera chakummawa, kumene kuli minda ya tiyi, ndiyo imalandira chinyezi chambiri, pamene mbali ya kumpoto, monga ku Thuchila, kawirikawiri imakhala youmirapo. Ngati a Nthambi Yoona za Nyengo alengeza kuti kukubwera chiperoni masiku a ulendo wanu, pendekerani kumpoto.

Tengani wotsogolera wa pamalopo, ndipo musanayambe ulendo mumuuze momveka kuti ndinu wojambula, kuti mudzanyamuka kusanache, ndiponso kuti mudzaima pamalo amodzi nthawi yaitali. Gwirizanani za malipiro muli pansi. Onetsetsani kuti iyenso ali ndi zovala zofunda, popeza munthu wozolowera kuyenda mofulumira amazizidwa msanga akamangodikira inu. Musadalire mapu akale okha kapena zimene mukukumbukira za ulendo wa zaka zapitazo, chifukwa namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anagumula nthaka ndi miyala m'malo ambiri a m'dera lino.

Chachiwiri, zovala

Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, ndipo Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phirili, ili pa mamita 3,002. Usiku wopanda mitambo mu Juni ndi Julayi madzi amatha kuundana pa udzu wa pamwamba, ndipo mphepo imachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mmene nambala ya madigiri ikusonyezera. Vuto la wojambula ndi lakuti amachita zinthu ziwiri zotsutsana: amakwera mpaka kutuluka thukuta, kenako amaima chilili kwa ola lathunthu. Ngati chovala cha pakhungu ndi cha thonje, chimasunga thukutalo, ndipo mukangoima chimasanduka nsalu yonyowa yokuziziritsani. Choncho pakhungu valani chovala cha polyester kapena cha ubweya, pamwamba pake juzi ya fleece, ndipo kunja jekete yosalowa mphepo ndi madzi yokhala ndi chophimba kumutu. Zonsezi zimapezeka pa kaunjika ngati munthu wafufuza modekha. Jinzi isiyeni kunyumba, chifukwa ikanyowa siuma.

Pokwera vulani juzi ngakhale mukumva kuzizira pang'ono, ndipo muivale mukangofika pamalo ojambulira, thupi lisanazizire. Magolovesi akhale mitundu iwiri, opyapyala oti mutha kudina nawo mabatani a kamera ndi okhuthala ovala pamwamba podikira. Chipewa chophimba makutu, masokosi ouma osungira usiku, tochi ya pamutu, ndi fulasiki ya tiyi wothira shuga siziyenera kutsala. M'thumba la jekete muikemo mtedza kapena chigumu, chifukwa thupi lanjala limalephera kudzitenthetsa.

Chachitatu, zida

Nyamulani zochepa. Kamera imodzi, lenzi imodzi yoona patali ndi ina yoona malo otambalala ndi zokwanira, ndipo kunena zoona ine ndimagwiritsa ntchito yoona patali kuposa inzakeyo, chifukwa pa Mulanje zokongola zambiri ndi tizigawo ta phiri timene nkhungu yatisiya poyera. Onjezani tripod yolimba (choimikapo kamera cha miyendo itatu), chophimba cha kutsogolo kwa lenzi (lens hood, chimene chimatchinga m'mbali osatseka galasi), tinsalu topukutira lenzi tosachepera titatu, matumba apulasitiki otseka bwino, ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi zipangizo zamagetsi.

Mabatire ndiwo amafuna chisamaliro chachikulu. Batire ya lithium ikazizira mphamvu imatuluka movutikira, moti kamera imanena kuti yatha pamene mkati muli moto, ndipo ikafundanso imadzuka. Musayembekezere magetsi m'nyumba za paphiri. Tengani mabatire atatu odzaza, limodzi ndi power bank ngati kamera yanu imatchajidwa ndi chingwe cha USB. Osungira akhale m'thumba la mkati mwa jekete, pafupi ndi thupi, ndipo usiku mugone nawo m'chofunda pamodzi ndi foni. Batire ikafooka muli kunja, isinthanitseni ndi yofunda, yofookayo muiike pachifuwa, ndipo mudzaigwiritsanso ntchito. Zimitsani Wi-Fi ndi Bluetooth za kamera, ndipo lekani chizolowezi choyang'ana chithunzi chilichonse pagalasi la kumbuyo.

Chachinayi, yenderani malo dzuwa likadalipo

Tsiku lofika, mukapuma pang'ono, tulukani ndi wotsogolera kukasankha pamene mudzaime m'mawa. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko ndipo limalowa isanakwane 5:30 madzulo. Popeza tili pafupi ndi equator, mzere wa pakati pa dziko lapansi, chisisira ndi mbandakucha sizikhalitsa: kuwala kofiira kumabwera ndi kutha m'mphindi zosapitirira 25. Munthu amene akufunafuna poima dzuwa likutuluka wachedwa kale.

Kumbukirani kuti m'miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto. Limatulukira kummawa chakumpoto n'kulowera kumadzulo chakumpoto, choncho matanthwe oyang'ana kumpoto amawala nthawi yaitali pamene oyang'ana kummwera amakhala mumthunzi, onyowa ndi oterera. Gwiritsani ntchito kampasi ya pafoni kuti mudziwe pamene kuwala kudzayambire kugunda. Sankhani chinthu cha pafupi chimene chidzagwire diso m'munsi mwa chithunzi, monga mwala, kamtsinje, kapena mtengo wa mkungudza ngati mwaupeza wamoyo, pakuti yatsala yochepa kwambiri chifukwa cha kudulidwa ndi moto. Kenako funani pobisalira mphepo. Thanthwe lofika m'chiuno limene lili kumbali yochokera mphepo ndi lamtengo wapatali kuposa malo okongola koma oonekera, ndipo ndi bwino kutaya pang'ono pa kaonekedwe kuti mupeze bata. Werengani mphindi zimene mwayenda kuchokera kunyumba, muwonjezepo theka lake chifukwa cha mdima, ndipo mufike mphindi 40 dzuwa lisanatuluke. Usiku womwewo ikani lenzi imene mudzayambe nayo, khadi losungira zithunzi lopanda kanthu, ndi makonzedwe a kamera, kuti m'mawa musatsegule chilichonse.

Chachisanu, kulimbana ndi mphepo

Apa ndi pamene zithunzi zambiri zimawonongekera, ndipo mwini wake sazindikira mpaka ataziona pakompyuta ali kunyumba. Kuzizira kumavutitsa munthu, koma chimene chimachotsa kuthwa kwa chithunzi ndi mphepo.

Imikani tripod motsika. Tambasulani miyendo kwambiri, yambani kutulutsa zigawo zonenepa, zopyapyala za kumapeto zikhale mkati ngati n'kotheka, ndipo mtengo wa pakati musaukweze n'komwe, chifukwa ukakwera kamera imakhala ngati ili pa ndodo imodzi. Mwendo umodzi uloze kumene mphepo ikupita, kuti utsamire kukankhako. Pa udzu wa pamwamba, umene umakhala wofewa ngati matiresi, kanikizani miyendo mpaka ifike pa nthaka yolimba, ndipo pa thanthwe ilowetseni m'ming'alu. Chotsani lamba wa kamera kapena mukulungeni, chifukwa akamakupiza amagwedeza chilichonse. Anthu amalangiza kupachika chikwama pansi pa tripod kuti ilemere, ndipo ndi malangizo abwino kukakhala bata, koma mu mphepo chikwama cholendewera chimagwedezeka n'kumamenya miyendo. Ngati mukuchipachika, talikitsani chingwe kuti chikwamacho chikhudze pansi koma chikukokabe. Inuyo imani kumbali yochokera mphepo, mutsegule jekete pang'ono ngati chotchinga, osakhudza kamera, ndipo musaisiye yokha ngakhale kwa kamphindi. Mphepo ya paphiri imabwera mwa mafunde, ndipo funde limodzi ndi lokwanira kugwetsera zida zonse pamwala.

Tsopano makonzedwe. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, kuti mudzathe kukonza kuwala ndi mitundu pambuyo pake. Aperture, kutanthauza kukula kwa bowo lolowera kuwala mu lenzi, ikhale pakati pa f/8 ndi f/11. Kupita ku f/22 kumachepetsa kuthwa ndiponso kumakakamiza shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) kukhala yotsegula nthawi yaitali, chimene simukufuna mu mphepo. Lamulo lozolowereka loti ISO (nambala ya mmene kamera imamvera kuwala) ikhale pa 100 liiwaleni kaye. Chithunzi cha ISO 800 chokhala ndi timadontho pang'ono chimakonzeka, koma chogwedezeka sichikonzeka. Ngati mukufuna kuti udzu ndi masamba ziime, shutter speed, nthawi imene shutter imakhala yotsegula, ikhale 1/250 ya sekondi kapena yofulumirirapo, ndipo ndi lenzi yoona patali pitani ku 1/500. Gwiritsani ntchito timer ya masekondi awiri kuti chala chanu chisagwedeze kamera, mvetserani mphepo, ndipo dinani ikangoyamba kutsika. Jambulani zithunzi zitatu kapena zinayi zofanana, chifukwa chimodzi mwa izo chimakhala chakuthwa kuposa zinzake. Za chipangizo cha mu kamera choletsa kugwedezeka, nthawi zambiri chimazimitsidwa kamera ikakhala pa tripod, koma ngati mphepo ikunjenjemeretsa tripod yomweyo, yesani chili choyatsa ndi chili chozimitsa, mukulitse zithunzizo pagalasi, musankhe chimene chapambana.

Pali njira inanso, yoilola mphepo kuti ioneke. Mukatsegula shutter kwa sekondi imodzi kapena iwiri, udzu wofiirira wa m'nyengoyi umasanduka ngati madzi oyenda pamene thanthwe lili nji, ndipo chithunzicho chimanena za mphepo kuposa chimene chaimitsa zonse. Chimene sichigwira ntchito ndi cha pakatikati, monga 1/30, pamene udzu sunaime komanso sunayende mokwanira, n'kungooneka ngati cholakwa.

Musasinthe lenzi poyera. Ngati palibe kuchitira mwina, fulatirani mphepo, gwadani, kamera iyang'ane pansi, ndipo muchite mofulumira.

Chachisanu ndi chimodzi, nkhungu ikabwera

Chiperoni si mdani wa chithunzi ayi. Mkati mwa nkhungu yokhuthala mulibe chojambula, koma m'mphepete mwake, ikamabwera kapena ikamang'ambika, ndi mmene mumachokera zithunzi zimene anthu amazikumbukira: nsonga ikuyandama yokha, kapena chigwa chonse chitadzaza mitambo inu muli pamwamba pake padzuwa. Mipata imeneyi imatseguka ndi kutsekeka m'masekondi ochepa, choncho kamera ikhale italoza kale ndi kukonzedwa kale, inu mukungodikira.

Nkhungu imapusitsa kamera m'njira ziwiri. Choyamba, chipangizo choyeza kuwala chimayesa kusandutsa choyera chilichonse kukhala chotuwa, ndipo chithunzi chimatuluka chakuda. Onjezani exposure compensation (chowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi) ndi +2/3 kapena +1, kenako yang'anani histogram (kachithunzi konga kaphiri kosonyeza kuchuluka kwa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja) m'malo mokhulupirira maso anu, amene mumdima amaona galasi lowala kuposa mmene chithunzi chilili. Kaphiri ka histogram kayandikire kumanja koma kasagunde khoma. Chachiwiri, autofocus, njira imene kamera imalunjikitsira yokha, imasakasaka osapeza pogwira. Lunjikitsani pa mwala kapena mtengo wooneka bwino, kenako sinthirani ku manual kuti isasunthenso.

Mvula yowaza ya chiperoni ndi yonyenga, chifukwa sioneka ngati mvula koma imanyowetsa chilichonse. Chophimba cha kutsogolo kwa lenzi chisachoke, kamera muifunditse thumba lapulasitiki loboola potulukira lenzi, ndipo muyang'ane galasi la kutsogolo musanajambule chithunzi chilichonse. Pukutani ndi kansalu kouma, konyowako kaikeni m'thumba lina. Musauzire mpweya wa m'kamwa pa lenzi. Ndinachitapo zimenezi m'mawa wina pofuna kuchotsa kadontho kamodzi, galasi lonse linachita nthunzi, ndipo pamene linkayera dzuwa linali litakwera kale.

Chachisanu ndi chiwiri, usiku wopanda mitambo

Ngati kumwamba kwayera ndipo mwezi palibe, tulukani, pakuti mu Juni ndi Julayi chigawo chowala kwambiri cha mlalang'amba chimadutsa pamwamba penipeni. Yambani ndi lenzi yotambalala pa f/2.8 kapena potseguka kwambiri pamene lenzi yanu ikufika, ISO 3200, ndi masekondi 15 mpaka 20. Lunjikitsani pamanja pa nyenyezi yowala mpaka ikhale kadontho kakang'ono. Usiku woterowo ndiwo umazizira kwambiri ndiponso mame amatera pa lenzi mwakachetechete, choncho iunikeni ndi tochi pakapita mphindi zingapo. Musatalikire nyumba.

Chachisanu ndi chitatu, kubwerera m'nyumba

Kamera yozizira ikalowa m'chipinda chofunda cha moto ndi nthunzi ya mphika, nthunzi imasanduka madzi pa iyo kunja ndi mkati momwe, monga mmene limachitira botolo lotuluka m'furiji. Muli panja, tulutsani batire ndi khadi, pukutani kamera, iikeni m'thumba lapulasitiki pamodzi ndi silica gel, mutseke, n'kuiika m'chikwama. Mukalowa, chikwamacho chikhale pakona ya kutali ndi moto kwa ola limodzi kapena kuposa osachitsegula. Musayese kufulumizitsa poiyandikiza kumoto, ndipo dziwani kuti utsi wa nkhuni umasiya mafuta pa galasi. Ngati nthunzi yalowa kale mkati mwa lenzi, musayatse kamera ndipo musazungulitse zoom. Isiyeni mpaka iume yokha.

Nthawi yosiya kujambula

Munthu amene diso lake lili pa kamera amachedwa kuzindikira kuti thupi lake lafika poipa. Kunjenjemera kosaletseka, zala zolephera kumanga zipi, lilime lolemera, ndi kusokonezeka maganizo ndi zizindikiro zakuti kutentha kwa m'thupi kwatsika kwambiri. Mukaona zimenezi pa inu kapena pa mnzanu, longedzani, valani zouma, imwani chotentha, ndipo mubwerere. Mowa sufunditsa munthu; umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutaya kutentha kumene kwatsala. Za Sapitwa ndinene mosabisa: njira yake kuchokera ku Chisepo imadutsa m'matanthwe otsetsereka ndi m'miyala ikuluikulu, ndipo nkhungu ikatsika zizindikiro za njira zimasowa. Mu Julayi 2009 mlendo wina wochokera ku Brazil anasochera m'dera limeneli ali yekha, ndipo anapezeka atamwalira patapita masabata. Wotsogolera akanena kuti lero sikokwera, musatsutsane naye chifukwa cha chithunzi, ndipo musanatuluke m'nyumba muuzeni mlonda wa nyumbayo kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere.

Mukatsika

Chinyezi chimene mwatsika nacho ndicho chimameretsa nkhungu ya mkati mwa lenzi (chuku), ija imaoneka ngati ulusi wa kangaude ndipo imadya utoto wa pagalasi. Tsiku lomwelo tulutsani zonse m'chikwama, chotsani zotsekera, ndipo muziike pamalo ouma opita mphepo kwa tsiku lathunthu. Chikwama chomwecho chiyanikeni padzuwa. Tambasulani miyendo ya tripod, tsukani mchenga wa m'malumikiziro ndi madzi oyera, iume isanapindidwe. Koperani zithunzi m'malo awiri musanafufute khadi. Pozikonza pakompyuta, mudzaona kuti za m'nkhungu ndi za mumthunzi zapendekera ku mtundu wa buluu, ndipo dzanja lidzafuna kuzifunditsa mpaka zioneke ngati za mu Okutobala. Bwezani pang'ono chabe, mpaka miyala itayamba kuoneka ngati miyala, ndipo buluu wotsalayo musiyeni.